Kuwerengera tisiyire makina, kuvomereza kukhale kwa anthu

Chaka chatha, temu yachiwiri, ndinawononga laputopu ya sukulu ndi manja angawa. A Fomu 4 mukukumbukira tsiku lija ndinalowa m'kalasi n'kunena kuti magirafu tijambula pa bolodi, chonsecho ndinali nditakulonjezani kuti tiwaonera pa kompyuta. Chifukwa chake sindinakuuzeni. Lero ndiulula, poti m'kulakwa kwangako muli phunziro loposa magirafu aja.

Pasukulu pathu kuno ku Nkope tili ndi malaputopu akale ochepa amene tinalandira ngati mphatso. Amayendera Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux. Ndinamva kuti pulogalamu imene timajambulira magirafu yatuluka yatsopano. Netiweki ya kunoko mukuidziwa, komanso bandulo imachokera m'thumba mwanga. Ndiye Loweruka lina ndili ku boma ku Mangochi ndinatsitsa fayilo imodzi ya pulogalamuyo, n'kuiika pa fulashi, n'kukwera minibasi kubwerera kuno mtima uli m'malo. Lolemba laputopu inakana. Inalemba kuti pulogalamu yatsopanoyo ikufuna tizidutswa tina tinayi, tina mulibe, tina tilimo koma takale. Loweruka lotsatira ndinakatenga tinayito. Nditafika nato, tiwiri tinafunanso tina. Apa mtima unatentha. Ndinapeza lamulo lokakamiza kompyuta kulandira chinthu ngakhale ikukana, ndipo ndinalilemba. Inalandiradi. M'mawa mwake pulogalamu imene ndimalembera mayeso, yomwe sindinaikhudze n'komwe, inasiya kutseguka.

Chinachitika n'chiyani? Kuti timvetse, tiyambe ndi chinthu chimene ambiri a inu munachionapo kunyumba kapena pa shopu yotchajira mafoni: sola. Pali panelo, pali regulator, pali batire, pali inveta, pali mababu. Tiyerekeze kuti amalume anu agula inveta yatsopano yamphamvu, koma ndi ya 24 V, pamene batire lawo ndi la 12 V. Inveta siyaka. Imeneyo ndi mbali yoyamba ya vuto: chatsopano chikufuna chinthu chimene mulibe. Amalume akuti palibe vuto, agula batire lachiwiri n'kulumikiza awiriwo mu series, monga tinaphunzirira, 12 kuphatikiza 12. Inveta yayaka. Koma mababu a 12 V amene anali olumikizidwa ku batire kuyambira kale aja apsa onse. Imeneyo ndi mbali yachiwiri: pokonzera chatsopano malo, mwapha chakale chimene chinkagwira bwino ntchito. Laputopu ija inaona zonse ziwiri.

Pulogalamu ya pa kompyuta salemba munthu m'modzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Amene analemba yojambula magirafu sanalembenso njira yoonetsera zilembo, yosungira fayilo, kapena yowerengera masamu. Anabwereka zimene anzake analemba kale. Chidutswa chilichonse chotere chimabwera chomangidwa bwino, chili ndi dzina ndi nambala yosonyeza kuti chinatuluka liti. Pa Chingerezi amati package, ife tingoti phukusi. Phukusi lililonse lili ndi kakalata konena kuti: kuti ine ndigwire ntchito, pakhale phukusi lakuti, la nambala yakuti kapena yoposa pamenepo. Kudalirana kumeneku amakutcha dependency. Phukusi lodaliridwalo nalonso lili ndi kakalata kake, ndipo unyolo umapitirira choncho.

Unyolowu kutalika kwake anthu anakuona bwino mu Malichi 2016. Wolemba mapulogalamu wina, Azer Koçulu, atakangana ndi oyang'anira nkhokwe ya maphukusi yotchedwa npm, anachotsamo maphukusi ake. Limodzi mwa iwo linali left-pad, la mizere 11 yokha, ntchito yake kungowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Mapulogalamu akuluakulu ngati Babel ndi React, omwe makampani padziko lonse amagwiritsa ntchito, anayamba kukana kuikidwa, chifukwa penapake pansi pa unyolo wawo panali kaphukusi kameneka. Ambiri mwa amene ntchito yawo inaima tsiku limenelo anali asanamvepo dzina lake.

Tsono funso ndi ili: ngati maphukusi ndi ochuluka chotere ndipo aliyense akusintha pa nthawi yake, ndani anganene kuti gulu ili likugwirizana, anthu atha kulidalira? Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tengani maphukusi 10, lililonse lili ndi lakale ndi latsopano. Njira zowasakanizira ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 kakhumi, yankho 1,024. Akakhala 20, njira ndi 1,048,576. Akakhala 30, zapitirira biliyoni imodzi. Debian, Linux imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993 ndipo Ubuntu amatengako maphukusi ake, ili ndi maphukusi oposa 60,000. Ine ndinalephera ndi osakwana khumi, ndili ndi digiri yanga.

A Debian anakonza njira imene ndikufuna muimvetse, chifukwa maganizo anga atsamira pamenepo. Ali ndi makhola atatu. Loyamba ndi unstable: phukusi latsopano limafikira m'menemo, ndipo amene amagwiritsa ntchito kholali amadziwa kuti tsiku lina zinthu zitha kusweka. Lachiwiri ndi testing, la maphukusi amene aonetsa khalidwe labwino. Lachitatu ndi stable, lokhazikika, limene limatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Debian 12 inatuluka mu Juni 2023, Debian 13 mu Ogasiti 2025. Akangotulutsa stable, sasinthamonso zinthu mwachisawawa, amangotseka ming'alu ya chitetezo ndi kukonza zolakwika zazikulu.

Pa chipata cha pakati pa unstable ndi testing sipakhala munthu. Pamakhala pulogalamu yotchedwa britney, imene tsiku ndi tsiku imafunsa phukusi lililonse mafunso omwewo. Kodi wakhala masiku okwanira m'khola loyamba? Mwa lamulo lake ndi masiku 2, 5 kapena 10, kutengera changu chimene wolisamalira analemba. Kodi wabwera ndi vuto lalikulu limene mnzako wakale analibe? Kodi wamangidwa pa mitundu yonse ya makompyuta imene unkagwirapo ntchito? Kodi onse amene umawadalira ali kale mu testing, kapena akulowa nawe limodzi? Ndipo ukalowa, pali wina m'katimo amene asiye kuikika chifukwa cha iwe? Mafunso awiri omalizawa ndi inveta ndi mababu aja. Zikapezeka kuti maphukusi angapo sangalowe limodzilimodzi popanda kuswa kanthu, amadikirana n'kulowa onse pamodzi ngati gulu. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo inu a m'mphepete mwa nyanja simufuna kumasuliridwa mwambi umenewu.

Linux ina yotchedwa Gentoo ili ndi lamulo lofanana. Phukusi limayenera kukhala pafupifupi masiku 30 likuyesedwa asanalitche stable, ndipo la stable sililoledwa kudalira lina limene lisanafike pa stable. Munthu akapempha kuti phukusi likwezedwe, pulogalamu ina imayamba yaona ngati zonse zodalira zili m'malo, n'kumuuza zimene waiwala.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndawafikira nditapsa chala: ntchito yowerengera kudalirana kwa maphukusi ipite kwa makina yonse, munthu asaigwirenso ndi manja. Pali ena odziwa makompyuta amene sagwirizana nazo. Iwo amati munthu wodziwa ntchito amaona zimene makina sangaone, ndipo ukasiyira makina zonse, pakapita zaka palibenso amene akumvetsa mmene zinthu zalumikizirana. Mfundo yawo ili ndi choona, ndipo ndibwererako. Koma pa kuwerengera kokhako, munthu ndi wofooka mwachibadwa. Amatopa, amaiwala, amakhala ndi changu chifukwa walonjeza ana a Fomu 4. Makina satopa kufunsa funso lomwelo ka 60,000, ndipo sachita manyazi kuuza bwana kuti phukusi lake silinakwane. Laputopu ija inandiuza zoona Lolemba loyamba lomwe lija. Amene anakana kumva ndine.

Ndipo kwa ife kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa munthu wa ku London. Iye chinthu chikasweka amatsitsa china m'mphindi zisanu. Ife ndi thiransipoti yopita ku boma, bandulo, ndi sabata yathunthu ya maphunziro. Amene ali ndi zochepa ndiye ayenera kwambiri kulandira zinthu zimene zawerengeredwa kale kuti zikugwirizana.

Komabe musathamange kunena kuti basi, makina athana nazo. Mverani nkhani iyi.

Pali phukusi lotchedwa xz, ntchito yake kupanikiza mafayilo kuti achepe. Lili pafupifupi mu Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri linkasamalidwa ndi munthu m'modzi wongodzipereka. Kenako kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, amene anathandiza mokhulupirika kwa zaka zoposa ziwiri mpaka anapatsidwa mphamvu yotulutsa xz watsopano. Mu xz 5.6.0 wa mu Febuluwale 2024 ndi 5.6.1 wa mu Malichi, anabisamo khomo lachinsinsi. Chimene ankafuna si xz weniweniyo. Ankafuna pulogalamu yotchedwa sshd, imene imalola munthu kulowa mu kompyuta ali kutali, ngati mlonda wa pageti. Mu Debian ndi ma Linux ena, sshd inkadalira chidutswa cha systemd, ndipo chidutswacho chinkadalira chidutswa cha xz. Wakubayo anadzera mu unyolo wa kudalirana uja, kuyambira pansi.

Kodi chipata cha makina chinamugwira? Ayi. Phukusilo linakwanitsa masiku, linamangidwa bwino, zodalira zake zinali m'malo, silinaswe aliyense. Linalowa mu testing. Makina anayankha molondola mafunso onse amene anapatsidwa, koma funso lakuti kodi wolemba uyu ali ndi mtima wotani silinali pa mndandanda, ndipo silingakhalepo.

Amene anagwira wakubayo ndi injiniya wina, Andres Freund, amene ankayeza liwiro la pulogalamu ina pa kompyuta yoyendera Debian unstable. Anaona kuti sshd ikudya mphamvu ya kompyuta kuposa masiku onse, ndipo kulowa kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Theka la sekondi! Ambirife tikanangoti ndi netiweki. Iye anafufuza mpaka anapeza gwero, ndipo pa 29 Malichi 2024 anadziwitsa dziko. Debian stable sinakhudzidwe, chifukwa inali idakali ndi xz wakale wa 5.4. Kuchedwa kumene anthu amanyoza nako stable ndi kumene kunapereka mpata woti munthu watcheru aone.

N'chifukwa chake theka lachiwiri la maganizo anga ndi lakuti mawu omaliza akhale a anthu. A Debian amachita chimodzimodzi. Britney imalowetsa maphukusi mu testing, koma siitcha chilichonse stable. Nthawi yotulutsa ikayandikira, gulu la anthu limayamba kutseka chipata pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Zatsopano zimaima, anthu amagwiritsa ntchito zimene zilipo, amanena zolakwika, zimakonzedwa, ndipo anthuwo ndi amene amanena tsiku. Makina amayankha funso lakuti kodi zidutswazi zikulumikizana. Funso lakuti kodi tingaike miyoyo ndi ntchito za anthu pa chinthuchi limafuna wina amene angayankhe mlandu zikavuta. Apa ndi pamene otsutsa aja akunena zoona: tikufunikabe anthu omvetsa unyolo. Kungoti mphamvu zawo zisathere pa kuwerengera. Makina akawalandira katundu ameneyo, iwo amapeza nthawi yodabwa ndi theka la sekondi.

Mwina wina akuti, aphunzitsi, zimenezi ndi za azungu, ife zikutikhudza pati? Zikukukhudzani kale. Kuyambira mu 2001, a Baobab Health anayamba kuika makompyuta odina pa sikirini ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, ndipo njira imeneyi inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumene anthu amalandirira ma ARV. Anaimanga pa mapulogalamu aulere amene aliyense atha kuona m'kati mwake, a mtundu womwewu tikukambawu. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene maiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito. Makolo anu akagulitsa usipa amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Pansi pa chilichonse mwa izi pali maphukusi mazanamazana odalirana. Taganizani mayi amene wayenda kuchokera kumudzi m'bandakucha, waima pa mzere, ndiye kompyuta yakana kutseguka chifukwa wina dzulo anakakamiza phukusi limodzi ngati mmene ndinachitira ine. Kwa ine zinathera pa magirafu a pa bolodi. Kwa mayiyo ndi tsiku lotayika, mwinanso mankhwala.

Ndipo amene adzasamalire makompyuta amenewa zaka khumi zikubwerazi ndi inu. Ena mudzapita ku MUST, ena ku MUBAS, ena ku Mzuni, ena mudzaphunzira nokha pa foni. Tsiku lina bwana adzakuuzani kuti ikani chatsopanocho lero lomwe, alendo akubwera mawa. Ndikufuna mudzakhale ndi mawu omuyankha.

Ndikudziwa kuti pa msinkhu wanu chakale chimanyansa. Foni ikanena kuti pali apudeti, mtima umafuna pompo. Ndipo pa zotseka ming'alu ya chitetezo mukulondola, zimenezo musamazengereze nazo, ngakhale stable imazilandira mwachangu. Koma kusiyanitsa n'kofunika. Pali apudeti imene yabwera kudzera m'njira yake, yawerengeredwa pamodzi ndi zinzake. Pali fayilo imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp kapena pa Bluetooth n'kukuuzani kuti iyi ndi yaposachedwa, ingovomerani zonse zimene foni ifunse. Yachiwiriyi sinadutse pa chipata chilichonse. Simukudziwa chimene ikudalira, simukudziwa chimene iswe, simukudziwa amene anaigwira m'njira. Foni ikakuchenjezani, ikuchita ntchito ya britney. Imvereni.

Laputopu ija inachira bwanji? Ndinainyamula yonse kupita nayo kumene kuli netiweki yabwino, n'kuikamonso Ubuntu kuyambira pachiyambi, wa mtundu umene amautcha LTS, womwe umatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo amausamalira zaka zisanu. Kenako ndinauza pulogalamu yoika maphukusi, dzina lake apt, kuti ndikufuna yojambula magirafu. M'masekondi ochepa inandionetsa mndandanda wa zonse zofunika, kukula kwake, ndi kuti palibe chimene chichotsedwe. Inandifunsa ngati ndikuvomera. Ulendo uno ndinawerenga mndandandawo mzere ndi mzere ndisanadine. Pulogalamu imene ndinalandira si yatsopano ija ndinkaithamangira. Ndi ya nambala yotsikirapo, ilibe mabatani awiri atatu okongola, koma magirafu a velocity ndi nthawi imajambula bwinobwino, ndipo mayeso anu a temu ino ndalembera pa laputopu yomweyo. Kuthamanga sikufika.

Ndimalize ndi pempho kwa amene tidzakhale tonse mu labu Lachinayi. Tidzayeza nthawi imene pendulum imatenga kupita ndi kubwera, ndipo ndikudziwa zimene zidzachitike, chifukwa zimachitika chaka chilichonse. Gulu lina lidzapeza manambala anayi ogwirizana ndi imodzi yosiyana, ndipo wina adzatenga labala kuti aifufute msanga ndisanafike pa tebulo lawo. Musafufute. Kuphatikiza ndi kugawa isiyireni kakyuleta, imachita bwino kuposa inu ndi ine. Inu funsani chifukwa chake nambala imeneyo yasiyana. Mwina chala chinachedwa pa wotchi, mwina mphepo ya kunyanja inalowa pa windo, mwina ulusi unamasuka pang'ono. Lembani zimene mwapeza m'kope, ndipo ndidzapereka malikisi pa funso limenelo.